Kabotolo ka Ngamila

1. Chitseko chopanda loko

Dzina loti Ngamila anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, ndipo linamukhala ngati anabadwa nalo. Mtsikanayu ankatha tsiku lonse la sukulu osamwa madzi ngakhale dontho, osapondako kuchimbudzi. Anzake akamathamangira kumpopi pa buleki, iye ankangokhala pa desiki, miyendo atapiringiza, milomo itauma gwa.

Musafulumire kumuseka. Chimbudzi cha atsikana pasukulupo chinalibe loko. Anathyoka kalekale, ndipo anyamata ena osaleredwa ankakonda kukankha chitsekocho ndi phazi n'kuthawa akuseka. Zinamuchitikirapo Ngamila chaka chake choyamba, ndipo manyazi a tsiku limenelo sanamuchoke.

Atsikana ena ankapita awiriawiri, wina kulowa, wina kugwira chitseko. Koma Ngamila ngakhale kupempha mnzake kuti amugwirire ankachita nako manyazi. Anangosankha njira yachidule: osamwa, osapita.

Tsiku lina atafika kunyumba anaponya chikwama pakhomo n'kuthamangira kuchimbudzi monga mwa masiku onse. Mayo ine! Mkodzo unatuluka ngati wathiridwa tsabola. Anagwira khoma ndi manja onse awiri, mano atalumana. Atangotuluka anamvanso kuti akufuna kubwerera, koma atabwerera kunangotuluka timadontho tochita mbuu.

Amayi ake anali telala. Makina awo osokera ankakhala pakhonde, ndipo nkhani zonse za m'deralo zinkafika pamakinapo limodzi ndi nsalu. Madzulo amenewo kasitomala wina anali atangochoka, ndipo nkhope ya amayi inali yolusa.

"Iwe, tabwera kuno," anaitana. "Wamva za mwana wa kuseri uku? Akuti pokodza akulira ngati mbuzi yomangidwa. Makolo ake mitu ili pansi.

"Tamvera, mwana wanga. Ine ndakula, ndaona zambiri. Mtsikana wodzisunga samva kuwotcha pokodza. Ukamva kuti wina zamuchitikira, dziwa kuti anachita kupita kokazitenga, chifukwa matenda amenewo sagwa ndi mvula. Bambo ako anatisiya iwe uli kumsana. Maso angawa ndawathera pa singano kuti uphunzire, usadzakhale wopinda masiketi a anthu ngati ine. Yunifolomu wavalayo ndinasoka ndi manja awa. Tsiku limene ndidzamve kuti wabweretsa matenda a anyamata m'nyumba muno, ndidzaiphwasula ndekha ulusi umodziumodzi, nsaluyo ndidzasokera mapilo. Sukulu idzathera pomwepo. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Ngamila anali asanagwirepo ngakhale dzanja la mnyamata. Koma amayi anali atanena, ndipo kuwotchako kunalipo. Ngamila anachita mantha kwambiri, moti chakudya chamadzulo anangochitosatosa.

2. Alendo a makoti oyera

Sipanapite nthawi, pasukulupo panafika galimoto ya anthu ochita kafukufuku ochokera ku chipatala chachikulu. Makolo anali atauzidwa kale pamsonkhano, ndipo amayi a Ngamila anavomera mokweza mawu kuposa aliyense. "Muyezeni! Wanga alibe chobisa," anatero.

Atsikana onse anawasonkhanitsa muholo. Kutsogolo kunaima mayi wamfupi wa imvi, wovala magalasi aakulu. Anali mkulu wa kafukufukuyo, ndipo asanamalize n'komwe moni, atsikana anali atawapatsa kale dzina loti Adokotala a Tizilombo.

"Ana anga," anayamba, "ine ntchito yanga ndi kuyang'ana mkodzo wa anthu. Sekani, sekani, ndinazolowera."

Holo yonse inaphulika ndi phwete. Ngamila yekha sanaseke.

"Muli tizilombo tina tating'ono, totchedwa mabakiteriya, toti maso sangatione. Tikalowa m'njira ya mkodzo timakwera mpaka m'chikhodzodzo, thumba lija losunga mkodzo. Funso limene latidyera zaka ndi ili: mkodzo umatuluka mwamphamvu ngati madzi a m'paipi, nanga bwanji sutikokolola tonse? Tinapeza kuti tizilomboti tili ndi timaubweya, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kumamata. Timakakamira kukhoma la chikhodzodzo monga mmene chisoso chimakakamirira pa sokosi. Tina timachita kulowa mkati mwa khomalo n'kubisala, kudikira kuti mankhwala adutse. Tikasiyidwa timakwera mipaipi iwiri yopita ku impso. Zikafika pamenepo, ana anga, si zosekanso ayi.

"Tikufuna tidziwe kuti n'chifukwa chiyani atsikana ena matendawa amawabwererabwerera. Ndiye tikupempha kabotolo kamodzi kwa aliyense amene akufuna. Amene tim'peze ndi tizilombo tim'patsa mankhwala oyenera. Koma kabotolo kako kakhale kako. Ife sitingaone m'thupi mwanu, timangokhulupirira zimene kabotolo katiuze."

Apa Adokotala anayamba kufotokoza kumene tizilomboti timachokera. Mawu amenewo akanamupulumutsa Ngamila. Koma pambali pake panali mnzake wapamtima, amene onse ankamutcha Wayilesi chifukwa nkhani ankaziulutsa zisanachitike n'komwe, ndipo Wayilesi anali atatsegula kale.

"Amwali, usapusitsidwe," ananong'ona. "Za tizilombozi n'zongotiphimba m'maso. Akufuna aone amene ali ndi mimba ndi amene ali ndi matenda a anyamata. Mayina akapereka kwa ahedi, ahedi aitana makolo. Kusukulu ya msuweni wanga zinachitika, atsikana anachotsedwa mulu."

"Ukunena zoona?"

"Ine ndinayamba ndakunamizapo?"

Wayilesi anali atamunamizapo kambirimbiri, koma munthu wamantha sakumbukira zimenezo. Mtima wa Ngamila unkagunda thi! thi! thi! ndipo china chilichonse chimene Adokotala ananena sanachimve.

3. Undithirireko

Anamwino anapereka timabotolo ta zivundikiro zofiira, kalikonse kali ndi nambala yake. Anafotokoza kuti munthu asambe m'manja, ayambe kukodza pang'ono, kenako atape wapakati. Atsikana anayamba kupita kuchimbudzi awiriawiri.

Kukana kunali kololedwa, koma Ngamila akanakana bwanji pamene amayi ake anavomera pagulu? Anapita ndi Wayilesi, kabotolo atakafumbata m'dzanja lonyowa ndi thukuta. Atafika pachitseko anaima chilili.

"Lowa, ndikugwirira," anatero Wayilesi. "Lero ngamila ikodza, dziko lonse lione!"

"Wayilesi, undithirireko."

"Ati chiyani?"

"Undithirireko wako m'kabotolo kangaka. Chonde."

Wayilesi anatong'ola maso n'kugwira pakamwa. "Iii, Ngamila! Nawenso? Wa phee ngati iwe? Ndani ameneyo?"

"Palibe! Ndikulumbira, palibe aliyense. Kungoti pokodza pakumandiwotcha, ndipo mkodzo wake ukumachita mbuu. Akauona aitana amayi. Amayi akamva, sukulu yanga yatha."

Misozi inali italengeza. Wayilesi anali wolongolola, koma mtima wake sunali woipa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kulanda kabotolo kaja.

"Bweretsa. Wanga ndi woyera ngati madzi a pampopi, ukwanira tonse awiri. Gwira chitseko."

Ngamila anagwira chitseko. Patapita kanthawi anapereka kabotolo kofunda kwa anamwino, maso ali pansi. Anamwinowo anali mayi wonenepa wansangala. Anakaika m'bokosi la madzi oundana n'kumusisita paphewa.

"Wachita bwino, mwana wanga. Wathandiza atsikana ambiri."

Mawu amenewo anamulasa Ngamila kuposa chikwapu.

4. Makapisozi a m'pepala

Anamwino aja atabweranso ndi zotsatira, ankaitana mtsikana mmodzimmodzi m'kachipinda ka aphunzitsi. Ngamila anaonetsetsa. Atsikana angapo anatuluka ndi mankhwala m'thumba, akumwetulira. Ahedi sanaitanidwe. Kholo ngakhale limodzi silinaoneke pasukulupo. Wayilesi anali ataulutsa bodza.

"Iwe ulibe vuto," anamwino anamuuza Ngamila nthawi yake itakwana. "Mkodzo wako ndi woyera. Pali funso?"

Pa nthawi yomweyo pachinena pake pankapweteka ngati wina wapondapo. Pakamwa panatseguka pang'ono. Koma akanayambira pati? Kunena za kuwotcha kunali kunenanso za kabotolo.

"Ayi, palibe."

Panja Wayilesi anali akumudikira, ndipo ataona nkhope yake anamukokera kuseri kwa kalasi. Anatulutsa m'thumba kapepala kopindapinda. Mkati mwake munali makapisozi ofiira mbali ina, achikasu mbali ina.

"Usadandaule, amwali. Awa anatsala pamene achemwali anga ankadwala chifuwa, ena ndinagula pamsika. Amapha chilichonse. Atsikana ambiri m'kalasi muno ndawathandiza. Umwe mpaka ululu uleke, otsalawo usunge."

Ngamila anamwa mobisa, akumeza ndi malovu. Zoonadi, kuwotcha kunachepa. Anasangalala, nasiya kumwa, otsalawo n'kuwabisa m'sokosi yakale. Anabwereranso ku chizolowezi chake cha ngamila, osamwa, osapita.

Koma tizilombo tija sitinafe tonse. Tofooka ndi timene tinafa. Tamakani tinatsala m'malo mwake, ndipo tsopano tinali ndi bwalo lonse.

Linali tsiku lotentha, phunziro la masamu lili mkati, pamene Ngamila anayamba kumva kuzizira. Anzake ankadzikupiza ndi makope, iye mano akugundana. Desiki inayamba kugwedera mpaka cholembera chinagwa pansi. Kumsana, cha m'munsi mwa nthiti, kunkabaya ngati wina akulowetsa msomali wamoto.

"Ngamila, uli bwino?" anafunsa aphunzitsi.

Anafuna kuyankha, koma m'malo mwa mawu kunatuluka masanzi, yunifolomu yonse n'kuipa. Bolodi inazungulira. Chomaliza chimene anamva ndi Wayilesi akukuwa dzina lake.

5. Masilipasi kunsi kwa katani

Anatsitsimuka ali pabedi la chipatala chachikulu, katani yobiriwira itazungulira bedilo. Amayi ake anali pambali, tepi yoyezera nsalu ikadali m'khosi. Anali atathamangira kuchipatalako mmene analili, ndipo ankangoti, "Mwana wanga, mwana wanga," akumugwira pamphumi.

Dokotala wachinyamata anayeza magazi. Malungo sanapezeke.

"Pokodza pakumakuwotcha?" anafunsa.

Ngamila anayang'ana amayi ake. "Ayi."

"Mwana wangayu ndi wodzisunga, adokotala," anawonjezera amayi.

Anamwino onenepa aja ankadutsa, ndipo anamuzindikira. "Uyu ndi wa m'kafukufuku wathu. Tinamuyeza posachedwa pomwepa, mkodzo wake unali woyera."

Dokotala anakanda m'mutu. "Si malungo, mkodzo akuti uli bwino, iyenso akukana. Mwina vuto lili m'matumbo. Tiitane a opaleshoni adzamuone."

Opaleshoni! Amayi anakhala pansi mwadzidzidzi. Ngamila anafuna kukuwa kuti si m'matumbo ayi, koma amayi anali pomwepo. Kuzizira kunabweranso, bedi lachitsulo likulira nako kunjenjemera kwake.

Anamwino sanakhutire. Anatuluka mofulumira, ndipo anabwerera ndi Adokotala a Tizilombo, amene labu yawo yoyezera tizilombo inali kuseri kwa wodiyo. Mayi wa imvi uja anamudzutsa Ngamila pang'onopang'ono, anaika dzanja kumsana kwake m'munsi mwa nthiti, n'kugogoda pang'ono chabe. Ngamila anakuwa mpaka odwala ena anadzuka.

"Mayi, tatipatsani mpata pang'ono," anatero Adokotala.

Amayi anatuluka monyinyirika, koma sanapite kutali. Katani ija sinkafika pansi, ndipo Ngamila ankaona bwinobwino masilipasi a amayi ake ataima pomwepo, kaulusi kofiira katamatirira pa chala chachikulu. Chilichonse chimene anganene, amayi achimva.

Adokotala anakhala pamphepete pa bedi n'kuvula magalasi.

"Mwana wanga, ine ndagogoda misana yambiri. Msana wako ukundiuza kuti tizilombo tafika ku impso. Kabotolo kako kakundiuza kuti ulibe kalikonse. Pa awiriwa wina akunama, ndipo msana sunama.

"Sindikufuna kukuopseza, koma sindikubisira. Impso ndi zimene zimasefa magazi ako. Tizilombo tikakhazikika mmenemo timasiya zipsera zosapola. Tikadumphira m'magazi, munthu wamphamvu ngati iwe amatha kutisiya dzuwa lisanalowe kawiri. Ndinawaonapo atsikana otero, ndipo ambiri a iwo chinawapha si kusowa kwa mankhwala, koma manyazi. Akuluakulu anati bisani matenda, maliro tidzamva. Ine maliro ako sindikuwafuna. Dokotala uja akufuna kukufufuza m'matumbo chifukwa cha zimene wamuuza, ndipo nthawi imene akutaya kumeneko tizilombo sitikudikira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tonse tili panja, mwana wanga. Tsekula."

Ngamila anayang'ana masilipasi aja. Sanasunthe. Anayang'ana yunifolomu yake yoipa, itapindidwa m'pulasitiki pansi pa bedi. Ankaopa kufa, ankaopanso amayi ake, ndipo sankadziwa kuti chachikulu n'chiti.

"Mkodzo uja sunali wanga," anatero. "Anandithirira mnzanga. Pokodza pakhala pakundiwotcha kuyambira kale. Ndinamwanso makapisozi, ndinasiyira panjira."

Katani inatseguka mwamphamvu mpaka mphete zake zinalira.

6. Ndakugwirira

"Ndani mnyamatayo?" Mawu a amayi anamveka wodi yonse. "Ndikufunsa iwe! Ine kuvomera pamaso pa makolo onse kuti wanga alibe chobisa, kani ukundivula chonchi? Ndani?"

"Palibe, amayi! Palibe!" Ngamila analira, atadzikunga ngati mwana wakhanda.

Adokotala anaimirira. Anali wamfupi, koma anaima pakati pa mayi ndi mwana ngati khoma. Anayamba auza kaye anamwino kuti abweretse kabotolo kena ndi diripu, n'kuuzanso dokotala uja kuti za opaleshoni aziiwale. Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Mayi, ndinu wamkulu ngati ine, ndiye ndikuuzani mosazungulira. Ndani anakuuzani kuti kuwotcha pokodza kumangobwera ndi amuna?"

"Aliyense amadziwa zimenezo."

"Aliyense ameneyo wandidzazira wodi ino. Zoona, alipo matenda opatsirana pogonana amene amawotcha pokodza. Koma tizilombo timene ndimafufuza ine timachokera m'matumbo mwa munthu mwini wake. Inu muli nato, ine ndili nato. M'matumbomo sitivuta. Vuto limayamba tikasochera n'kulowa njira ya mkodzo, ndipo kwa ife akazi njira imeneyo ndi yaifupi komanso ili pafupi ndi kotulukira chimbudzi. N'chifukwa chake timauza ana kuti podzipukuta aziyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Matendawa amagwira khanda la pamsana, amagwira mayi woyembekezera, amagwira nkhalamba yoti mwamuna inamuiwala kalekale. Munthu akamamwa madzi n'kumakodza pafupipafupi, tizilombo tambiri timakokoloka tisanagwire khoma. Koma akamasunga mkodzo tsiku lonse, amakhala watipatsa nyumba ndi chakudya chomwe.

"Kuchenjeza mwana n'kwabwino, mayi, musasiye. Koma chenjezo likakhala lolakwa limasanduka mpanda, mwana n'kumafera mkati inu muli pakhonde."

Adokotala anatembenukira kwa Ngamila.

"Kusukulu umapita kangati kuchimbudzi?"

"Sindipita."

"Madzi?"

"Sindimwa. Chitseko chilibe loko. Anyamata amakankha. N'chifukwa chake amanditcha Ngamila."

"Ine ndinkayesa amakutcha choncho chifukwa cha kutalika," anatero amayi ndi mawu otsika. Anapotokola tepi ija m'manja. "Nanga osandiuza bwanji?"

"Munati mudzaphwasula yunifolomu."

Amayi anawerama, natenga pulasitiki ya yunifolomu ija pansi pa bedi, n'kuiika m'chikwama chawo. Ngamila anaona, ndipo mtima wake unagwa.

Anamwino anafika ndi kabotolo katsopano. "Tikufuna wako weniweni tisanayambe mankhwala. Ungathe kuyenda?"

Amayi anamudzutsa okha, namukoleka dzanja paphewa pawo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa wodi. Atafika pachimbudzi, Ngamila anayang'ana chitseko monga ankachitira nthawi zonse. Nachonso loko wake anali wogwedera. Anaima.

Amayi anaona pamene maso a mwana wawo anayang'ana. Anagwira chogwirira cha chitsekocho ndi manja onse awiri, n'kuponda pansi mwamphamvu.

"Lowa, mwana wanga. Ndakugwirira. Aliyense wofuna kukankha ayambe wagwetsa ine."

Mawu awo anali olimba, koma Ngamila ali mkati anawamva akufwenthera.

7. Kambale ka mu labu

Diripu inalowa, jakisoni analowa. Kusanza kunaleka, koma kutentha kwa thupi kunkangotsika pang'ono n'kukweranso. Dokotala wachinyamata uja ankabwera pafupipafupi, ndipo ulendo uliwonse ankachoka nkhope itakwinyika. Ngamila anaona zimenezo, ndipo mantha ake sanathe.

M'mawa wina amayi anafika ndi chikwama chawo. Anatulutsa yunifolomu ija, yochapidwa, yositidwa, batani limene linali litagwedera atalisokanso. Anaikoleka pa chitsulo cha kumutu kwa bedi pamene Ngamila angaione.

"Ikudikira mwini wake," anatero. "Ndipo tsiku limene ubwerere kusukulu, ndipita nawe. Ndagula loko ndi misomali. Ahedi akakana, ndikakhoma ndekha."

Ngamila anaseka koyamba chidwalireni, ngakhale kuseka kunkapweteka kumsana.

Asanamalize kuseka, Adokotala a Tizilombo analowa. M'manja munali kambale kapulasitiki koonekera mkati, kotsekedwa bwino ndi kumatidwa m'mbali. Sanamwetulire.

"Ndabwera nato kuti utione ndi maso ako," anatero. "Tinapaka mkodzo wako pa chakudya cha tizilombo n'kuuika pofunda ngati m'thupi la munthu. Zotuwa zadzaza apazi ndi tizilombo tako. Timapepala tozungulirati, kalikonse kali ndi mankhwala ake. Mankhwala akakhala amphamvu, tizilombo timafa mozungulira kapepalako, pamakhala bwalo loyera. Tayang'ana."

Ngamila anayang'ana. Tizilombo tinali titamera mpaka kukhudza timapepala tonse, ngati udzu womera mpaka pakhomo. Kamodzi kokha, kakumphepete, n'kamene kanali ndi bwalo loyera.

"Aka ndi mankhwala a m'gulu la makapisozi unamwa aja. Tizilombo tikuchita kukhalapo ngati pampando. Aka ndi jakisoni amene takhala tikukubaya, n'chifukwa chake thupi silikuzizira. Katsala ndi aka kokha. Tayamba kale kukupatsa m'diripu imeneyi, ndipo ndikukhulupirira kuti uchira. Koma ukanachedwa pang'ono, kapena pakanapanda aka, sindikudziwa kuti ndikanawauza chiyani amayi akowa."

Amayi anagwira dzanja la Ngamila n'kulifinya mpaka kupweteka.

"Tsopano tamvera," anapitiriza Adokotala. "Mankhwala omwa mwachisawawa, osayezetsa, osamaliza, amapha tizilombo tofooka n'kusiya tamakani kuti tiswane. Dzulo kunabwera mtsikana wina wa kusukulu kwanu, msana ukubaya ngati wako. Nayenso akuti anamwa makapisozi a m'pepala, koma anakana kunena amene anam'patsa. Sindikudziwa kuti atsikana ena angati ali nawo m'masokosi. Amene akugawa mankhwalawa mwina akuyesa kuti akuthandiza, koma tikapanda kum'peza, wina adzabwera mochedwa. Anakupatsa ndani?"

Nthawi yoona odwala inali itangokwana, ndipo anthu anayamba kulowa m'wodi. Pakati pawo panali Wayilesi, atavala yunifolomu, nthochi zili m'manja. Anali akumwetulira, koma ataona kambale kaja ndi kumva funso lomaliza, anaima pakhomo ngati waponda msomali. Nthochi zinatsala pang'ono kugwa.

Ameneyu ndi amene anamuthandiza pamene aliyense sankadziwa. Ndi amene anakuwa dzina lake atakomoka. Akatchulidwa, nkhani ya mankhwala ndi ya kabotolo zikafika kwa ahedi, ndipo yunifolomu imene ingavulidwe ikhala ya Wayilesi.

Wayilesi anapukusa mutu pang'onopang'ono, maso ali ndi misozi, n'kuika chala pamilomo.

Adokotala anali atafulatira khomo, ndipo sanaone kalikonse. Anasendeza kambale kaja pafupi ndi Ngamila.

"Ndikudikira, mwana wanga," anatero. "Mtsikana wa dzulo uja ali kuseri kwa katani iyo, ndipo tsopano sakutha n'kuyankhula komwe."